Funsani Azakhali: Buku la kusukulu landidanitsa ndi abale

Azakhali,

Ndine mtsikana wa zaka 21, kwathu ndi ku Katete koma ndimakhala ndi amayi aang'ono ku Kalingalinga. Ndili chaka chachiwiri pa yunivesite ina muno mu Lusaka. Teremu ino aphunzitsi anatipatsa buku la Margaret Atwood lotchedwa The Handmaid's Tale kuti tiwerenge n'kulembapo maganizo athu. Ndi nkhani yopeka ya dziko la America litalandidwa ndi amuna odzitcha opembedza, n'kulisintha dzina kukhala Gilead. Akazi aletsedwa kuwerenga, kugwira ntchito ndi kusunga ndalama, ndipo amene ali ndi mphatso yobereka amagawidwa m'nyumba za mabwana kuti aziwaberekera ana.

Chilimalizireni tulo sindikutiona. Kulikonse kumene ndayang'ana ndikuona za m'bukumo. Pa kitchen party ya msuweni wanga, alangizi atayamba zoti mkazi saulula za m'nyumba ngakhale zivute bwanji, ndinaimirira n'kunena kuti akutiphunzitsa ukapolo. Amayi aang'ono mpaka lero akungondiyankha ndi mutu. Chibwenzi changa chikuti zimenezo ndi nthano za azungu, kuno sizingachitike, ndipo sukulu yandisandutsa wovuta. Mayi wina wa ku chigwirizano atamva za bukuli anati ndi lonyoza Mulungu, ndiliotche. Kodi ndapenga ndine, azakhali? Nanga pepala la aphunzitsi lija ndilembepo chiyani?

Wosowa tulo, Kalingalinga

Mwanawe,

Sunapenge. Buku limenelo analilembera zomwezo zosowetsa anthu tulo. Ine ndinaliwerenga ndili kale ndi ana akuluakulu, ndikuphunzitsa Chingelezi ku sekondale, koma nanenso ndinkapezeka ndaima pasinki, madzi akungotayika, maganizo ali ku Gilead. Tiye tiyambe ndi mnyamata wakoyo, popeza iye ndiye wosavuta kumuyankha.

Atwood, mayi wa ku Canada, anayamba kulemba bukuli mu 1984 ali ku West Berlin, khoma logawa mzindawo lidakalipo, ndipo linatuluka mu 1985. Wakhala akunena kuti anadziikira lamulo loti asaikemo kanthu kamene anthu sanachitirepo anzawo kwinakwake. Nyumbayo ndi yopeka, koma njerwa zake anachita kutola m'mabwinja enieni. Ku Romania, Nicolae Ceaușescu anafuna kuti anthu achuluke, ndiye mu 1966 anaika lamulo lotchedwa Decree 770 loletsa kuchotsa mimba, njira zolera nazo n'kusowa. Pambuyo pake madokotala ankapita m'mafakitale kukayeza akazi kuti aone amene waima, boma lizilondola mimbayo mpaka mwana abadwe. Pamene ulamuliro wake unkagwa mu 1989, akazi pafupifupi 10,000 anali atafa pochotsa mimba mobisa, ndipo ana oposa 100,000 anapezeka ataunjikidwa m'nyumba za ana amasiye, ambiri mwa iwo makolo ali moyo. Ku Argentina, asilikali amene analamulira kuyambira 1976 mpaka 1983 ankasunga akaidi oyembekezera mpaka atachira, khanda n'kulipereka ku mabanja a asilikali ndi anzawo, mayi wake n'kumupha. Ana otere analipo pafupifupi 500. Agogo awo aakazi, otchedwa Abuelas de Plaza de Mayo, akuwafunafunabe mpaka pano, ndipo apezapo oposa 130.

Akati zimenezo n'zakale, umufunse ngati amamvera nkhani. Ku Afghanistan atsikana sapitirira giredi 6 chibwerereni a Taliban mu 2021, ndipo mu Disembala 2022 akazi onse analetsedwa kulowa m'mayunivesite. Atsikana a msinkhu wako, a chaka chachiwiri ngati iwe, anadzuka, kusamba, kunyamula mabuku, n'kukabwezedwa pageti.

Komabe ndisamupondereze mwana wa eni, pali pena pamene walasa mosadziwa. Bukuli ndi la akazi achizungu. Ukakumbukira bwino, anthu akuda amangomveka pa nkhani za pa TV kuti akusamutsidwira kudera lawolawo, basi zathera pomwepo. Chonsecho zimene zikumugwera mayi wosimba nkhaniyo, kuletsedwa kuwerenga, kulandidwa mwana, kuberekera bwana, kuitanidwa ndi dzina la mwini wake, n'zimene akazi akuda anakhala nazo muukapolo wa ku America komweko mpaka 1865. Zinatengera kuti zimugwere mzungu wophunzira kuti owerenga agwidwe nthumanzi. Imeneyo ndi mfundo yolemera, ndipo mnyamatayo akanaipeza yekha akanatsegula bukulo. Koma "za azungu" zake zija ndikuzimva ngati za munthu wongofuna kuti nkhani ithe, adye nsima.

Tsono zoti kuno sizingachitike. Anthu amakumbukira zovala zofiira ndi zipewa zoyera za akazi oberekera mabwana aja, makamaka chiyambireni kuonetsa nkhaniyi pa TV mu 2017. Ine chimene chinandigwira pakhosi ndi tsiku lina wamba. Mayi uja wapita pakagolosale kukagula ndudu, wapereka khadi lake, makina akukana. Iye akuyesa kuti avuta ndi makinawo. Tsiku lomwelo bwana wa kuntchito, ali njenjenje, akuuza akazi onse kuti lamulo lati azipita kwawo. Madzulo ndiye akumva kuti maakaunti a akazi onse atsekedwa, ndalama zipita kwa amuna awo kapena kwa mbale wamwamuna. Mwamuna wake, Luke, si munthu woipa. Akumutonthoza kuti asade nkhawa, iye azimusamala. Ndipo usiku womwewo mkaziyo akuyamba kuona kuti mnzakeyo zimenezi sizikumuwawa monga zikumuwawira iye.

Tsiku limenelo palibe wamumenya, palibe wamutsekera m'chipinda. Chasintha n'chakuti zimene dzulo zinali zake, lero azizipeza mwa chifundo cha munthu wina. Zoterezi ife amvula zakale sitichita kulota za m'tsogolo, tinakhalamo muno mu Lusaka.

Ndili mayi wapantchito, wolandira malipiro angaanga, ndinapita ku chipatala china kukafuna mapiritsi olera, ndipo namwino anandibweza kuti ndikatenge kalata kwa abambo akunyumba. Iwo anasaina akuseka. Anali munthu wabwino, Mulungu ause mzimu wawo, koma akanakana ndikanalowera kuti? Edith Nawakwi, amene anadzakhala nduna ya zachuma mu 1998, anachita kutengera boma ku High Court chifukwa a mapasipoti ankakana kulemba ana ake m'pasipoti yake popanda chilolezo cha bambo wa anawo. Anapambana mu 1991. Sara Longwe anabwezedwa pakhomo la bala ya hotela ya Intercontinental chifukwa analibe mwamuna womuperekeza, ndipo mu 1992 khoti linagamula kuti limenelo ndi tsankho. 1992, mwanawe, amayi ako anali kale pasukulu. Mpaka 1997 mtsikana akatenga mimba sukulu inali yathera pomwepo, pamene womupatsa mimbayo nthawi zambiri ankalemba mayeso bwinobwino. Ine ndinafufutapo mayina a ana anzeru m'kaundula ndi dzanja langali, chifukwa lamulo linkatero.

Chowawa kwambiri chinali cha maliro. Mwamuna wa mkulu wanga atamwalira ku Matero, chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, akuchimuna anabwera ndi lole tisanasese n'komwe. Ananyamula bedi, wailesi, mipando, mapoto, mpaka makina osokera amene mkulu wangayo anagula yekha ndi ndalama za chilimba. Anamusiyira mphasa ndi ana anayi. Amene ankakweza katundu pa loleyo sanadzione ngati akuba, ankati akutsata mwambo. Ndipo mwambowo uli ndi mutu wake. Kwathu kwa Achewa katundu wa mwamuna ankapita kwa abale a kuchikazi kwake, ana a mlongo wake, chifukwa mkamwini ankakhala kwa mkazi, munda unali wa mbumba ya mkaziyo, ndipo ana ankayang'aniridwa ndi atsibweni awo. Wamasiye ankatsala pamudzi pake, pakati pa abale ake, nkhokwe ili pomwepo. M'tauni mkazi alibe munda, atsibweni a ana ali ku Chadiza, nyumba ya khonsolo ili m'dzina la mwamuna. Mwambo unabwera ku Lusaka theka lokha, theka lokomera olanda.

Lamulo logawa chuma cha munthu womwalira osasiya wilo linabwera mu 1989. Pa magawo 100 alionse, 50 ndi a ana, 20 a mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 a makolo a malemu, 10 a ena amene ankadalira malemuyo. Nyumba ndi ya ana pamodzi ndi wotsalayo, amene amakhalamo mpaka imfa kapena atakwatiwanso. Lathandiza ambiri. Koma silifika pa malo a kwa amfumu, ndipo pamitala akazi onse amagawana 20 yomweyo. Pamwamba pa izo, ndime 23 ya malamulo aakulu a dziko, imene imaletsa tsankho, ili ndi mawu m'munsi mwake opatula nkhani za ukwati, chisudzulo, maliro, chuma cha masiye ndi malamulo a chikhalidwe, kumene kuli kumene mkazi amapwetekera. Mu 2016 panali referendamu yofuna kukonza gawo la ufulu wa anthu, koma ovota sanakwane chiwerengero chofunika, ndiye ndimeyo idakali chikhalire. Lamulo lothetsa ukwati wa mwana wosakwana zaka 18, ngakhale wa kumudzi, langobwera kumapeto kwa 2023.

Zambia si Gilead, ndipo ukalemba choncho pa pepala lako aphunzitsi adzakuchotsera malikisi, ine ndidzawavomereza. Inonge Wina anakhala wachiwiri kwa pulezidenti mu 2015, Mutale Nalumango anamulowa m'malo mu 2021, chaka chomwe Nelly Mutti anakhala sipikala woyamba wamkazi. Iweyo ukuwerenga buku poyera m'basi ya ku Kulima Tower, pamene ku Gilead mkazi wogwidwa kachitatu akuwerenga amadulidwa dzanja. Chimene ndikufuna uone n'chakuti ufulu umene ukuuyesa wobadwa nawo ndi wadzulodzuloli, ena anachita kuulimbira m'makhoti, ndipo mbali zina sunafike n'komwe.

Ndiye m'malo moona zovala zofiira paliponse, yamba kufunsa za mapepala ndi ndalama. SIM imene umalandirira Airtel Money kapena MoMo inalembetsedwa ndi regi ya ndani? Ndikudziwa azimayi a ku Soweto Market amene amapsa ndi dzuwa tsiku lonse pa tomato, koma nambala yolandirira ndalama ili m'dzina la bambo, PIN nayo akuidziwa ndi bambo yemweyo. Mapepala a puloti imene mukukhalapoyo ali m'dzina la ndani? Mnyamata wakoyo usalimbane naye zoti Gilead ingafike ku Lusaka kapena ayi, mkangano umenewo sudzatha. Mufunse kuti mukadzakwatirana malipiro ako azidzalowa mu akaunti ya ndani, ndiponso adzati chiyani ukadzapeza mwayi wokapitiriza maphunziro ku Cape Town kwa zaka ziwiri. Utchere khutu, makamaka akayankha mokoma kuti usade nkhawa, iye azidzakusamala.

Za mayi wa ku chigwirizano n'zachidule. Iwo angomva mphekesera. M'bukumo Baibulo limakhala lokhomeredwa m'bokosi, kiyi ali ndi bwana, ndipo iye yekha ndiye amasankha ndime zowerengera am'nyumba mwake. Wansembe wapachikidwa pakhoma, a mpingo wa Baptist ali kunkhondo kulimbana ndi boma, a mpingo wa Quaker akubisa akazi othawa. Amene akudzudzulidwa ndi anthu olanda Mawu n'kuwatsekera ena. M'dziko limene a Chiluba analilengeza kuti ndi lachikhristu mu 1991, funso loti kiyi wa bokosilo ali ndi ndani ndi lofunika kuti Akhristu tizidzifunsa tokha. Mabwana a ku Gilead amakonda Genesis 30, pamene Rakele apereka mdzakazi wake Biliha kwa Yakobo kuti amuberekere. Werenga pamenepo uone ngati alipo amene anamufunsa Biliha. Pitanso pa Genesis 16, nkhani ya Hagara, mdzakazi wa ku Iguputo, mkazi wa mu Africa muno, amene anathawa nkhanza za Sarai ndipo Mulungu anamva kulira kwake. Pomwepo palinso vesi lovuta lomuuza kuti abwerere kwa mbuye wake, ndipo sindikubisira kuti limandivuta mpaka lero. Ukatero utsegule Numeri 27, pamene ana aakazi asanu a Zelofehadi aima pamaso pa Mose kufuna cholowa cha bambo awo, Mulungu n'kunena kuti akunena zoona. Upite nazo ndime zimenezi kwa mayiyo mwaulemu, muwerengere limodzi. Buku usaotche. Ngati ndi la ku laibulale adzakulipiritsa, ndipo mitengo ya mabuku masiku ano ukuidziwa.

Nkhani imene yandikhalitsa pansi ndi ya alangizi, chifukwa pamenepo waona bwino koma wachita molakwika.

Waona bwino chifukwa Atwood anadziwa kuti amuna okha sangathe kusunga akazi onse m'goli. Amafunika akazi anzawo. Ku Gilead amene amaphunzitsa atsikana kugonja ndi azimayi, ndipo malipiro awo ndi kaulamuliro pang'ono ndi chilolezo chowerenga. Serena Joy, mkazi wa bwana wa m'nyumba imene wosimba nkhani uja anagawidwako, kale ankayendayenda kulalikira kuti malo a mkazi ndi pakhomo, ndipo zitachitikadi ndi iye amene akufota ndi ukali m'dimba la maluwa. Kuno nakonso mawu oti "banja ndi kupirira" ndi oti "za m'nyumba saulula" amatuluka pakamwa pa azimayi, ndipo aika anthu m'manda. Ndaperekezako ku Chingwere mwana amene ndinamuphunzitsa, amene anabwezedwa ku banja kangapo konse ndi azimayi omukonda, aliyense akumuuza kuti alimbe mtima. Choncho sindingakuuze kuti unamva molakwika.

Koma alangizi a ku Kalingalinga sanatumidwe ndi boma, ndipo sayenda ndi ndodo zamagetsi monga azimayi ophunzitsa atsikana a ku Gilead aja. Ambiri ndi anthu onga mkulu wanga uja. Anaona ndi maso awo zimene zinkamuchitikira mkazi wopanda mwamuna nthawi imene kunalibe lamulo lomuteteza, ndipo akuphunzitsa chimene chinawapulumutsa iwowo ku njala. Malangizowo ndi a nthawi imene kuchoka pabanja kunali kusiya denga, ana ndi dzina. Nthawi yasintha pang'ono, malangizo atsalira m'mbuyo, ndipo alipo alangizi ena amene ayamba kale kuuza akwati kuti kumenyedwa si mwambo. Usaiwalenso kuti chinamwali ndi bwalo limene mwamuna saponda, kumene anamkungwi ankalankhula zimene ngakhale mfumu sinkazimva. Miyambo yomweyi ili ndi zida zake. Mu 1960 Julia Chikamoneka ndi anzake omenyera ufulu wa dziko lino anavula pamaso pa Iain Macleod, nduna ya ku Britain yoona za maiko a atsamunda, atafika muno mu Lusaka. Mphamvu ya zimene anachitazo inachokera m'chikhalidwe chathu chomwechi, mmene kuona thupi la mayi wokwiya ndi tsoka. Sanaziwerenge m'buku la ku Canada.

Kulakwa kwako n'kwakuti unalankhula pa tsiku la msuweni wako, pamaso pa apongozi ake, ndipo manyazi onse anagwera amayi aang'ono amene amakuphikira ndi kukupatsa ya basi. Mkwati sanapindulepo kanthu. Anthu anabwerera kwawo akukamba za mwana wa ku yunivesite wopanda mwambo, zoti mkazi akamenyedwa alowere kuti palibe anazikamba. Pita kwa amayi aang'ono, ugwade, upepese chifukwa cha malo ndi kalankhulidwe. Maganizo akowo usawapepesere, ndipo ngati akufunsa uwauze modekha kuti ukuganizabe choncho. Mtima wawo ukatsika, tsiku lina mukusankha nyemba, uwafunse zimene zinachitika agogo ako aamuna atamwalira, amene anatenga ng'ombe, amene anasiya sukulu ndi chifukwa chake. Ukhale chete, uwasiye alankhule.

Kwa msuweni wako upite wekha, kopanda anthu. Umuuze kuti chilipo chilamulo cha 2011 cholimbana ndi nkhanza za m'banja, kuti kupolisi kuli ofesi ya Victim Support Unit, kuti kuyambira 2016 Lusaka ili ndi khoti lofulumizitsa milandu yotere, ndiponso kuti a National Legal Aid Clinic for Women amathandiza azimayi osowa ndalama za loya. Umulangize kuti regi yake, masatifiketi a sukulu ndi mtchatho azijambulitse, makope asungitse kwa munthu wina kunja kwa nyumba yake, ndipo akaunti yake ikhale yake. Umuuze kuti foni yako imayankhidwa ngakhale pakati pa usiku. Mwina adzaseka, poti chikondi chidakali chamoto. Musiye aseke, wamva.

Za pepala la aphunzitsi, anzako ambiri alemba za zovala zofiira. Iwe bwerera ku masamba omaliza, amene ena amawadumpha poyesa kuti nkhani yatha. Pamenepo tili m'chaka cha 2195, Gilead inagwa kalekale, ndipo akatswiri a mbiri yakale ali pamsonkhano. Tikumva kuti nkhani yonse ija inapezeka pa makaseti pafupifupi 30 opanda manambala, ndipo amene anawasanja ndi kuwapatsa mutu ndi mapulofesa aamuna. Wolankhulayo akuchita nthabwala za akazi, anthu akuseka, akuchenjeza kuti tisafulumire kuweruza anthu a ku Gilead, ndipo chimene chikumudandaulitsa n'chakuti mayi uja sanasiye zambiri zokhudza bwana wake. Funsa kuti Atwood anaikiranji masamba amenewo. Ukatero funsanso kuti nkhani za akazi olandidwa katundu ku Matero ndi ku Chawama lamulo la 1989 lisanabwere anazisunga ndani, ndipo zikupezeka m'buku liti. Zigamulo za milandu ya Nawakwi ndi Longwe ukazifufuze ku laibulale ya zamalamulo, uziwerenge wekha, si zazitali. Ngati aphunzitsi akulola, uikemo zimene amayi aang'ono adzakuuze, koma uyambe wawapempha, ndipo dzina lawo ndi la mudzi usinthe.

Azakhali